Dzino Lovekedwa Chisoti Likunyung'unyabe: Musankhe Chithandizo Chiti?

Munthu akalipira ndalama zambiri kuti dzino lake livekedwe chisoti, chija achipatala kuno amachitcha coroa, amayembekeza kuti nkhani ya dzinolo yatha. Zimakhumudwitsa kuona kuti patha masabata atatu koma madzi ozizira akangokhudza, dzino likubaya mpaka m'mutu. Ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo aliyense amalakalaka madzi a m'firiji, vutoli silibisika. Ku Angónia ndi ku Tsangano limadzuka mu Juni ndi Julayi, kamphepo ka m'mamawa kakangolowa m'kamwa.

Njira zothandizira tazigawa zisanu ndi imodzi, kuyambira yongogula mankhwala otsukira mano mpaka yozula dzino. Kunyung'unya ndi chizindikiro chabe ndipo zoyambitsa zake n'zosiyana, choncho amene wasankha njira poyang'ana mtengo asanadziwe choyambitsa amalipira kawiri, mwinanso kutaya dzino limene likanapulumuka.

Chimene chimachitika m'dzinomo

Kuti chisoti chikhale bwino, dokotala amapala dzino mbali zonse, milimita 1 mpaka 2 malinga ndi mtundu wa chisoticho. Chikutu choyera cholimba cha pamwamba chimachoka pafupifupi chonse, n'kutsala gawo lachikasu lotchedwa dentina. Gawoli lili ndi timipaipi tosaoneka ndi maso, masauzande ambiri pa malo ochepa ngati kambewu ka mawere, ndipo tonse tili ndi timadzi tolunjika ku mtima wa dzino kumene kuli mitsempha. Chozizira, chotsekemera kapena mpweya zikagwedeza timadzito, mtsempha umamva ululu. Kutentha kwa makina opalira, kuumitsa dzino ndi mpweya, komanso asidi wa m'simenti ina yomatira zimawonjezera kuusautsa mtsemphawo.

Ndiye kunyung'unya kwa masiku ochepa mpaka masabata awiri n'kwachizolowezi. Kwa ena kumafika masabata 4 kapena 6, ndipo si vuto ngati kukucheperachepera. Tisaiwalenso kuti dzino labwinobwino kawirikawiri salivekera chisoti. Limakhala kuti linabowoka kwambiri, linamatidwa kangapo kapena linang'aluka, kotero mtsempha wake unali utavutika kale makina asanaukhudze.

Dziwani kaye mtundu wa ululu wanu

Musanayerekeze njira, dziyeseni kwa masiku awiri kapena atatu ndipo mulembe zimene mukumva.

Tengani thonje, mulinyike m'madzi a ayezi, muligunditse pa dzino limodzi lokha, kenako muwerenge masekondi mutalichotsa. Ululu wobaya umene ukutha pasanathe masekondi 10 umasonyeza mtsempha wosautsidwa umene ungathe kuchira. Ululu wopitirira masekondi 30, kapena wobwera wokha usiku popanda chokhudza dzino, umasonyeza mtsempha umene watupa kopyola muyezo ndipo sudzabwerera mwakale. Tiyi wotentha akamapweteka koma madzi ozizira n'kumatonthoza, mtsemphawo uli pafupi kufa. Yesaninso mano oyandikana nalo, chifukwa nthawi zina wolakwa amakhala wapambali. Izi n'zofunika kwambiri ngati dzino lovekedwalo linachotsedwa kale mtsempha: dzino lotere siliyenera kumva kuzizira konse.

Kenako lumani pang'onopang'ono mano onse pamodzi. Ngati chisoti chikugunda choyamba anzake asanakumane, ndiye kuti ndi chachitali. Lumani thonje lopindapinda pa dzinolo n'kulisiya mwadzidzidzi: ululu wobwera pomasula, osati poluma, kawirikawiri umatanthauza mng'alu. Pomaliza pititsani ulusi wotsukira mano m'mbali mwa chisoti. Ukamakodwa, kunyenyeka kapena kutuluka ndi fungo, m'mphepete mwa chisoti muli mpata.

Njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo pamenepa muwerengere chapa, malo ogona ndi masiku osagwira ntchito, chifukwa kwa munthu wa ku Furancungo kapena ku Chifunde ulendo ungathe kudya ndalama zoposa chithandizo chenichenicho. Kupezeka kwake m'chigawo chathu. Kusamalira kofunika pambuyo pake. Ndi zoopsa, makamaka funso lakuti njirayo ikalephera mungabwerere m'mbuyo kapena ayi.

Njira yoyamba: kudikira, mukudzisamalira kunyumba

*Mtengo.* Yotsika kuposa zonse: chubu kapena machubu awiri a mankhwala otsukira mano onyung'unya ndi mswachi wofewa. Mankhwalawa ndi okwererapo mtengo kuposa kolugeti wamba.

*Kupezeka.* Amapezeka m'mafamasi ndi m'masitolo akuluakulu a mumzinda wa Tete. Kumaboma amasowa nthawi zina, choncho gulani awiri mukawapeza. Musatengeke ndi zithunzi za pabokosi, werengani zimene zili m'katimo. Potassium nitrate wa 5% amatonthoza mtsempha pang'onopang'ono. Stannous fluoride, arginine wa 8% ndi NovaMin amagwira ntchito ina, yotseka kukamwa kwa timipaipi tija. Zolemba za Chipwitikizi zimati nitrato de potássio, fluoreto de estanho ndi arginina. Sensodyne ndi Colgate Sensitive ali ndi mitundu ingapo ndipo si yonse ili ndi zofanana.

*Kusamalira.* Apa ndi pamene ambiri amalephera. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mulavule thovu koma musachukuche ndi madzi. Pogona pakani pang'ono ndi chala m'mphepete mwa chisoti pamene chakumana ndi nkhama, n'kuzisiya momwemo. Zotsatira zimayamba kumveka pakatha masabata 2 mpaka 4, osati masiku atatu. Pa nthawiyi chepetsani zowawasa: malambe, masau, mandimu, mango aawisi ndi zakumwa za m'mabotolo, chifukwa asidi wake amatsegulanso timipaipi timene mankhwala akutseka. Mukadya zotere, chukuchani ndi madzi ndipo mudikire theka la ola musanatsuke. Nzimbe, chimanga chowotcha ndi mafupa a nyama ya mbuzi tafunirani mbali inayo.

Ululu ukakula, wamkulu angamwe paracetamol 500 mg mpaka 1000 mg maola 6 alionse, osapyola 4000 mg pa tsiku, kapena ibuprofen 400 mg atadya, osapyola katatu pa tsiku, kwa masiku ochepa okha. Ibuprofen si wa amayi oyembekezera, a zilonda za m'mimba kapena a vuto la impso, ndipo amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga a BP kapena ma ARV afunse kaye kuchipatala.

*Zoopsa.* Mankhwala otsukira amafika pa dentina yoonekera yokha. Sangalowe pansi pa chisoti, sangafupikitse chisoti chachitali, ndipo sangachize mtsempha umene ukufa. Choopsa chachikulu ndi kuzengereza: ululu woopsa ukasiya mwadzidzidzi, ambiri amaganiza kuti achira, pamene mtsempha wangofa ndipo mafinya ayamba kusonkhana kunsonga ya muzu. Amoxicillin wogula pamsika sathandiza kunyung'unya ngakhale pang'ono. Asipirini woika pankhama amaotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera, ndipo madzi a batire kapena mafuta a galimoto amene ena amadonthezera pa dzino amawononga nkhama ndi fupa.

Njira yachiwiri: kufupikitsa chisoti chachitali

Njira iyi ndi imene imaiwalika kwambiri, chonsecho ndi imene imathetsa madandaulo ambiri a masabata oyamba. Tsiku loveka chisoti m'kamwa mumakhala dzanzi la jakisoni, ndiye wodwala saluma monga amalumira masiku onse. Kutalika kochepa ngati tsitsi n'kokwanira kuti mphamvu yonse ya nsagwada izigwera dzino limodzi. Timinyewa togwirizira muzu ku fupa timatupa, ndipo dzino limayamba kumva kuwawa poluma ndi kuzizira komwe.

*Mtengo.* Kwa amene anaveka chisoticho, ntchitoyi iyenera kukhala mbali ya zimene munalipira kale. Kwa dokotala wina mudzalipira ndalama yoonana naye.

*Kupezeka.* Dokotala aliyense wokhala ndi mpando ndi makina opalira angathe. Amakulumitsani kapepala kabuluu kapena kofiira kamene kamasiya chizindikiro pamene pakugunda kwambiri, n'kupala pamenepo pang'ono. Zimatenga mphindi 10 kapena 15, nthawi zambiri popanda jakisoni. Muumirire kuti akuyeseni mutakhala tsonga, mukuluma komanso mukuyendetsa nsagwada kumanja, kumanzere ndi kutsogolo, chifukwa chisoti china chimagunda potafuna pokha.

*Kusamalira.* Dzino limapepuka pakatha masiku 2 mpaka 7. Ngati a kunyumba amakumvani mukukukuta mano kutulo, kapena mumadzuka nsagwada zitatopa, kufupikitsa kokha sikukwanira. Pamafunika chotetezera cha pulasitiki chovala usiku, chimene amachitcha placa, chopangidwa molingana ndi mano anu. Chimenechi ndi ndalama ina, chimatsukidwa m'mawa uliwonse ndi madzi ozizira, ndipo chimatha pakapita zaka.

*Zoopsa.* N'zochepa, koma zilipo. Pa chisoti cha chitsulo chokutidwa ndi porcelana, chikutu choyera chooneka ngati dzino, kupala kwambiri kumaonetsa chitsulo. Pa cha zirconia, chimene ndi choyera koma cholimba kwambiri, malo opalidwa ayenera kusalazidwa bwino, apo ayi amakhala ngati mwala wonolera ndipo amadya dzino la kumwamba kapena kunsi limene akukumana nalo. Ngati apala kawiri koma palibe kusintha, asapalenso kachitatu. Choyambitsa chili kwina.

Njira yachitatu: mankhwala opaka a kuchipatala

Iyi ndi ya dzino limene nkhama yatsika n'kusiya kachigawo ka muzu poyera m'munsi mwa chisoti. Mukakanda ndi chikhadabo pamenepo mumamva kubaya pa malo amodzi enieni.

*Mtengo.* Wapakati, wosapyola kwambiri ndalama yoonana ndi dokotala, koma umabwerezedwa.

*Kupezeka.* Vanishi wa fluoride, amene ali ndi sodium fluoride wa 5%, mphamvu zake zoposa za kolugeti wamba kakhumi ndi kasanu, ndiye wodziwika kwambiri. Ena amapaka mankhwala otchedwa Gluma kapena guluu wa zomatira mano, ndipo pamene muzu wakumbika amamatapo zomatira mano zotchedwa glass ionomer kapena composite. Si chipatala chilichonse chimasunga zimenezi, choncho imbani foni musanakwere chapa.

*Kusamalira.* Mukapakidwa vanishi musadye zolimba kapena zotentha kwa maola 4, ndipo mutsuke mano mawa lake. Mphamvu yake imatha, amabwereza pakatha miyezi 3 mpaka 6. Mukapitiriza kukwecha ndi mswachi wolimba, makala kapena phulusa, nkhama idzapitiriza kutsika.

*Zoopsa.* Pafupifupi palibe, ndipo dzino silitaya kanthu. Koma ngati pamalopo pali kubowoka kumene kwayamba, mankhwala amangobisa ululu dzino likuwola.

Njira yachinayi: kumatanso kapena kusintha chisoti

Chisoti chikasiya mpata m'mphepete, malovu amasungunula simenti, shuga ndi tizilombo n'kumalowa. Zizindikiro zake ndi kubaya mukadya zotsekemera, zakudya kutsakamira pamalo amodzimodzi, nkhama yofiira yotuluka magazi mozungulira dzino limodzilo, fungo, kapena chisoti chogwedera. Dokotala amafufuza m'mphepete ndi kachitsulo kosongoka ndi kujambula raio-X. Dziwani kuti chitsulo ndi zirconia zimatchinga kuwala kwa makinawo, kotero chithunzi chimaonetsa m'mbali ndi muzu koma osati zimene zili pansi pa chisoti.

*Mtengo.* Pali nkhani ziwiri zosiyana kwambiri. Chisoti chikavuka chathunthu ndipo dzino la pansi lili bwino, kuchitsuka ndi kuchimatanso n'kotsika mtengo. Koma chomatidwa molimba nthawi zambiri sichivuka popanda kuchidula, ndiye mumagula chatsopano pa mtengo wonse. Ngati chisoti chinalakwika kuyambira tsiku loyamba, kambiranani ndi amene anachiveka za kuchipanganso musanapite kwina. Apa risiti ndi deti lolembedwa zimathandiza.

*Kupezeka.* Zisoti ndi ntchito ya zipatala zolipira makamaka, ndipo zimapangidwa ku labotale imene ingakhale kutali. Werengerani maulendo awiri kapena atatu ndi sabata imodzi kapena kuposerapo mukudikira ndi chisoti chongoyembekezera. Anthu a ku Ulónguè ambiri amaona kuti Lilongwe kudzera pa Calómuè ndi Dedza ndi pafupi kuposa mzinda wa Tete. A ku Zóbuè amayang'ana ku Blantyre kudzera pa Mwanza, a ku Chifunde ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Palibe cholakwika pamenepo, koma ganizirani kuti chisoti chatsopano chikadzafuna kufupikitsidwa, ntchito ya mphindi khumi ija idzafuna kuwolokanso malire ndi kusinthanso meticais kukhala makwacha.

*Kusamalira.* Chisoti chongoyembekezera ndi chofooka. Musatafunirepo zomata, ndipo ulusi muziutulutsa chammbali, osati kuukokera m'mwamba. Chikagwa bwererani msanga, chifukwa dzino lopalidwa limasuntha m'masiku ochepa ndipo chisoti chenicheni sichidzakwananso. Musachimate ndi super glue.

Pali nzeru imodzi imene timailimbikitsa pamene sizikudziwika ngati mtsempha uchira. Chisoti chakale chikachotsedwa, dokotala angaike chongoyembekezera ndi simenti yotonthoza ya zinc oxide ndi eugenol, n'kudikira masabata angapo. Dzino likakhala chete, chatsopano chimatidwe. Likapitiriza kuwawa, mwadziwa kuti vuto ndi mtsempha musanawononge ndalama pa chisoti china.

*Zoopsa.* Kupala kulikonse kumasautsanso mtsempha womwe uja, ndipo dzino limene linali pamalire lingathe kufa chifukwa cha ntchito yachiwiriyi. Kukoka chisoti mwamphamvu kungathyole chitsa cha dzino. Nthawi zina povula amapeza kuwola kwakukulu koti ndondomeko yonse isinthe, choncho pitani mutakonzeka kumva zimenezo.

Njira yachisanu: kuchotsa mtsempha, chisoti chili pomwepo

Anthu amati kupha dzino. Achipatala amati tratamento de canal kapena desvitalização. Mawu akuti kupha amaopseza anthu pachabe. Dzino limakhalabe m'kamwa, limatafunabe, ndipo likugwiridwabe ndi fupa ndi nkhama zamoyo. Chimene chimachoka ndi mnofu wa m'kati umene watupa kapena wawola.

Akabaya jakisoni wa dzanzi, dokotala amaboola kabowo pamwamba pa chisoti, n'kufufuza timipata ta m'mizu. Dzino lakutsogolo lakumwamba limakhala ndi kampata kamodzi, la m'matsakano atatu kapena anayi. Amatipala ndi tizitsulo topyapyala, kutitsuka ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa sodium hypochlorite, kutiumitsa, kutidzaza ndi zonga labala zotchedwa gutta-percha, kenako n'kutseka kabowo ka pachisoti ndi composite.

*Mtengo.* Wokwera, ndipo umakula ndi chiwerengero cha timipata: dzino la m'matsakano limadula kuposa lakutsogolo. Funsani ngati mtengo umene akuuzani ukuphatikiza zithunzi za raio-X ndi kutseka kabowo. Ubwino wake ndi wakuti chisoti chimene munalipira kale nthawi zambiri chimapulumuka.

*Kupezeka.* Apa ndi povuta m'chigawo chathu. Ntchitoyi imafuna raio-X ya mano, zipangizo zokwanira ndi dokotala wozolowera, makamaka pa matsakano. Zipatala zazing'ono za boma zimachita kwambiri zozula ndi kutsuka mano. Yambani kufunsa ku gawo la mano, lotchedwa estomatologia, la Hospital Provincial de Tete kapena ku zipatala zolipira za mumzinda. Mafunso atatu amakuthandizani kudziwa malo oyenera: kodi amajambula chithunzi asanayambe ndi atamaliza, kodi amatchinga dzino ndi kansalu ka labala kuti malovu asalowe, ndipo ndi maulendo angati. Kawirikawiri ndi limodzi mpaka atatu.

*Kusamalira.* Dzino limamveka lolemera poluma kwa masiku angapo. Chinthu chimene sitingachinene mopepuka ndi ichi: malizani maulendo onse. Ululu umatha pa ulendo woyamba, ndipo ambiri sabwereranso. Chotsekera chongoyembekezera chimakhala masabata ochepa chabe. Chikatha, tizilombo timadzaza m'mizu yotseguka ndipo dzino limathera kuzulidwa ndalama zitapita kale. Ngati mulibe ndalama kapena nthawi ya maulendo onse, nenani poyamba kuti mukonze ndondomeko. Pakatha miyezi 6 mpaka 12 jambulitsaninso kuti aone ngati fupa la kunsonga ya muzu lachira.

*Zoopsa.* Porcelana ingathe kutheteka poboola. Chisoti chimabisa maonekedwe enieni a dzino, kotero kupeza timipata tonse n'kovuta. Dzino loyamba la m'matsakano akumwamba limakonda kukhala ndi kampata kachinayi kobisika, ndipo kakatsala ululu umabwerera. Kachitsulo kangathyokere m'muzu. Ngati muzu unang'aluka kutsika m'litali, ntchito yonseyi siithandiza. Ndipo njirayi sibwezeka: kuchotsa mtsempha wa dzino limene limangofuna kufupikitsidwa chisoti ndi kutaya kwakukulu. Dokotala ayenera kuyesa dzinolo ndi chozizira, kuligogoda ndi kulijambula asanaboole.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kuzula

*Mtengo.* Lero ndi wotsika, makamaka kuchipatala cha boma. Mawa ndi wokwera, chifukwa mwataya chisoti ndipo mpata wotsalawo ukufuna chodzaza. Mano ovala ndi kuvula ndiwo otsika mtengo. Ponte, dzino loikirira logwirizidwa ndi zisoti za mano a m'mbali, imafuna kupala mano awiri oyandikana, kutanthauza kuti vuto lomwe lija la kunyung'unya lingabwere pa mano awiri. Implante, kachitsulo kolowetsedwa m'fupa kuti kanyamule dzino loikirira, ndi yodula kuposa zonse ndipo imafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti igwirane ndi fupa.

*Kupezeka.* Ndi njira yopezeka kwambiri, ngakhale kumaboma. N'chifukwa chake mano ambiri amene akanachira amathera m'mbale ya dokotala.

*Kusamalira.* Lumani thonje mphindi 30 mpaka 45. Kwa maola 24 musachukuche, musalavulelavule, musasute fodya. Kuyambira mawa lake chukuchani mofatsa ndi madzi ofunda a mchere, theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi.

*Zoopsa.* Magazi oundana m'dzenjemo akachoka, fupa limakhala poyera ndipo ululu woopsa umayamba tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Osuta fodya ndiwo amakumana nazo kwambiri. Dzino lovekedwa limakonda kuthyoka pozula, muzu n'kufuna kukumbidwa. Pakapita miyezi fupa limaphwa, mano oyandikana amapendekera mumpata ndipo lokumana nalo limatalika. A matenda a shuga ndi omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi anene asanabayidwe jakisoni.

Njira iti kwa yani

Chisoti chili ndi masabata osakwana anayi, chozizira chikubaya kwa masekondi ochepa, usiku mukugona bwino ndipo sabata ino ndi yabwino kuposa yatha: njira yoyamba. Dziikireni malire a masabata 6. Akakwana popanda kusintha, pitani.

Kukuwawa poluma ndipo chisoti chikugunda choyamba: njira yachiwiri sabata yomwe ino. Apa kudikira kulibe phindu, chisoti cha zirconia kapena porcelana sichidzaphwa chokha. Amene amakukuta mano kutulo awonjezere placa.

Malo amodzi m'mphepete mwa nkhama ndiwo akubaya, muzu ukuoneka: yoyamba ndi yachitatu pamodzi.

Chisoti chakhala zaka chili chete, tsopano chayamba kumva zotsekemera, kununkha kapena kugwedera: musataye nthawi ndi mankhwala otsukira. Kajambulitseni, ndipo yembekezerani njira yachinayi, mwina pamodzi ndi yachisanu ngati kuwola kwafika pa mtsempha.

Ululu ukukhalitsa kupyola theka la mphindi, ukukudzutsani usiku, ukugunda ngati ng'oma, kapena patuluka kachotupa ka mafinya pankhama: mtsempha sudzachira, ndipo zatsala njira ziwiri zokha. Ngati muzu ndi wathunthu, fupa likugwira bwino ndipo mungakwanitse maulendo onse, sankhani kuchotsa mtsempha, makamaka pa dzino lakutsogolo kapena loyamba la m'matsakano limene limanyamula ntchito yaikulu yotafuna. Ngati muzu wang'aluka, dzino lawola mpaka pansi pa nkhama, kapena mukudziwa kuti kuchokera kwanu simungabwerere kawiri, kuzula bwinobwino kuli bwino kuposa ntchito ya mtsempha yosiyidwa panjira.

Ululu ukumveka pa mano angapo akumwamba nthawi imodzi, muli ndi chimfine ndipo ukukula mukawerama: mwina ndi mphako za m'mphuno zimene zatupa, chifukwa mizu ya matsakano akumwamba ili pafupi nazo. Musalole kuti chisoti chiboolodwe kapena dzino lizulidwe zimenezi zisanafufuzidwe.

Amayi oyembekezera asaope kupita. Kufupikitsa chisoti, vanishi, jakisoni wa dzanzi ngakhale kuchotsa mtsempha zimachitika bwinobwino pa mimba, ndipo mafinya osiyidwa ndiwo oopsa. Muuzeni dokotala miyezi ya mimbayo ndipo mumwe paracetamol, osati ibuprofen.

Tsaya latupa, thupi latentha, kukamwa kukukanika kutseguka, kumeza kapena kupuma kukuvuta, kapena kutupa kukulowera kudiso kapena pansi pa chibwano: apa palibenso zoyerekeza. Pitani ku banco de socorros ya chipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku, kaya ndi ku Ulónguè, ku Songo, ku Moatize kapena ku Tete. Tengani mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ndipo muwauze tsiku limene chisoti chinavekedwa ndi tsiku limene kutupa kunayamba.